Kugula nyumba ku Lilongwe mulibe dipoziti: njira zake, mtengo wake, ndi pomwe anthu amagwera

Munthu wa lendi ku Area 25 kapena ku Area 49 akamva kuti banki ikufuna dipoziti, ndalama yake yoyamba kuikapo pa mtengo wa nyumba, isanamukongoze ndalama zogulira nyumba, amaganiza kuti vuto lake lonse lagona pamenepo. Sichoncho. Njira zolambalala dipoziti zilipo, ndipo zina ndi zabwino ndithu. Koma m'dziko limene chiwongoladzanja cha banki chimasewera m'ma 20 peresenti kupita m'mwamba, chimene chimalanditsa anthu nyumba ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, komanso mapepala a malo amene sanaunikidwe bwino. Dipoziti ikachoka, pamalo pake pamalowa china: chikole choonjezera, abwana a kuntchito, kapena kuleza mtima kwa wogulitsa. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake.

Banki ikakukongozani ndalama za nyumba imalembetsa chikole pa taitolo, chikalata cha umwini wa nyumbayo, ku ofesi yolembetsa malo. Mukalephera kubweza, imakupatsani chidziwitso, ndipo nthawi yoikidwa ndi lamulo ikatha imakhala ndi mphamvu yoigulitsa. Nyumba yogulitsidwa mokakamiza kawirikawiri imapita motchipa, ndipo pa ndalama imeneyo pamayenera kuchoka za maloya, za ogulitsa pa okushoni, ndi chiwongoladzanja chimene chaunjikana miyezi yonse imene simunalipire. Dipoziti ndiyo imatseka mpata umenewo. N'chifukwa chake mabanki monga National Bank, Standard Bank kapena NBS, imene inayamba mu 1964 ngati New Building Society yokongoza ndalama za nyumba, nthawi zambiri amafuna kuti wogula aikepo yake kaye.

Pali chinanso chimene ambiri amachidziwira mochedwa. Banki siwerengera ngongole pa mtengo umene mwagwirizana ndi wogulitsa. Imatuma katswiri wake woyeza mtengo wa nyumba, ndipo imatenga mtengo wotsika mwa iwiriyo. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K60 miliyoni, katswiri wa banki wapeza kuti nyumbayo ndi ya K52 miliyoni, ndipo banki ikupereka 90 peresenti. Ikupatsani K46.8 miliyoni. Inu amene munakonzekera K6 miliyoni mukufunika kupeza K13.2 miliyoni. Ngakhale banki itanena kuti ikupereka zonse, 100 peresenti, kusiyana kwa K8 miliyoni kuja kukhalabe kwanu. Mu Lilongwe izi zimachitika kwambiri chifukwa mitengo yambiri imakwezedwa ndi madobadoba amene amaikapo yawo pamwamba, pomwe katswiri amayang'ana zinthu zosanyengerereka: msewu wofika pakhomo, madzi a Lilongwe Water Board, magetsi a ESCOM, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndi mitengo imene nyumba zoyandikana nazo zinagulitsidwira.

Masamu a chiwongoladzanja

Apa ndiye poyenera kukhazikika. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za nyumba m'mabanki sizikhala ndi chiwongoladzanja chokhazikika. Zimatsatira mlingo umene mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi, kenako banki iliyonse imaonjezerapo yake malinga ndi mmene yamuonera wokongolayo.

Titenge chitsanzo cha ngongole ya K60 miliyoni, pa 25 peresenti pachaka, yobweza zaka 15. Mwezi uliwonse mudzilipira pafupifupi K1,281,000. Pa ndalama ya mwezi woyamba, K1,250,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Imene yachepetsa ngongole yeniyeni ndi K31,000 basi. Pakatha zaka 5 mudzakhala mutapereka pafupifupi K77 miliyoni, koma ngongole idzakhala ili pa K56 miliyoni ndi kanthu. Pofika kumapeto, nyumba ya K60 miliyoni mudzakhala mwaigula pa K230 miliyoni.

Wina anganene kuti ndiye tionjezere zaka kuti ya pamwezi itsike. Pa chiwongoladzanja chotere kuonjezera zaka sikuthandiza kwenikweni. Ngongole yomweyo pa zaka 20 imafuna pafupifupi K1,259,000 pamwezi. Mwapulumutsa K22,000 yokha pamwezi, koma mwadziwonjezera zaka 5 zolipira. Chimene chimatsitsadi ya pamwezi ndi kuchepetsa ngongoleyo. Amene waika dipoziti ya 20 peresenti n'kukongola K48 miliyoni amalipira pafupifupi K1,025,000, kutsika ndi K256,000 mwezi uliwonse. Ndipo chiwongoladzanja chikakwera kuchoka pa 25 kufika pa 28 peresenti, wa K60 miliyoni uja ya pamwezi imalumpha kufika pafupifupi K1,422,000, popanda kumufunsa.

Banki imayang'ananso kuti ya pamwezi isadye gawo lalikulu la malipiro anu otsala mukachotsa msonkho ndi ngongole zina. Ngakhale itakulolani theka lathunthu, ngongole ya K60 miliyoni ikufuna munthu wotenga K2.56 miliyoni kupita nayo kunyumba. Choncho anthu ambiri amene amati akanidwa chifukwa cha dipoziti, akanakanidwabe ngakhale dipozitiyo ikanakhululukidwa. Imafufuzanso mbiri yanu ya ngongole ku Credit Data CRB. Kangongole kakang'ono kamene munakanyalanyaza kalekale kakhoza kuimitsa zonse, ndiye ndi bwino kukaona nokha zimene zalembedwa pa dzina lanu musanakapemphe.

Komabe tisaiwale mbali inayo. Kumapeto kwa 2023 ndi mu 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kunapitirira 30 peresenti, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene ankasunga dipoziti mu akaunti wamba zaka zimenezo ankathamangitsa mtengo wa nyumba umene unkamuthawa. Wina amene anakongola mu kwacha, malipiro ake n'kumakwera chaka ndi chaka, ngongole yake inkapepuka yokha. Ndiye kudikira kuti musonkhe dipoziti yaikulu si nzeru nthawi zonse. Funso lenileni ndi lakuti: kodi mungapirire zaka zitatu kapena zinayi zoyambirira, pamene ya pamwezi ili yolemera kwambiri, ngakhale malipiro atapanda kukwera?

Zimene zimalowa m'malo mwa dipoziti

Njira yabwino koposa zonse ndi ya kuntchito, kwa amene ali nayo. Mabanki, makampani ena akuluakulu ndi mabungwe ena amakongoza antchito awo ndalama za nyumba pa chiwongoladzanja chotsika, kapena amagwirizana ndi banki kuti ndalama zizidulidwa pa malipiro zisanafike m'manja mwa wantchito. Banki ikaona kuti ndalama yake ikuchokera kwa abwana mwachindunji imafewa pa dipoziti. Powerenga mgwirizano wotere, funani ndime imene ikunena za tsiku limene ntchito yatha. Kawirikawiri ngongoleyo imasanduka ya chiwongoladzanja cha wina aliyense, kapena yotsalayo imafunika yonse pakamodzi, ndipo ndalama zanu zotsanzikana nazo zimagwidwa kaye. Munthu amene akuganiza zosintha ntchito m'zaka zochepa awerengere ya pamwezi pa mlingo wa kunja, osati wa antchito.

Njira ina ndi chikole choonjezera. Ngati muli ndi puloti ya taitolo, kaya ndalama zimene munatsekera ku banki kwa nthawi, banki ikhoza kuzigwira m'malo mwa dipoziti. Puloti ya taitolo imagwiranso ntchito bwino pa ngongole yomangira: mtengo wa pulotiyo umawerengedwa ngati gawo lanu, ndipo banki imatulutsa ndalama pang'onopang'ono, katswiri wake akaona kuti gawo lapitalo latha, kuyambira maziko, silabu, makoma mpaka pa lintala, denga, kenako zomalizitsa. Vuto la njira imeneyi ndi mtengo wa simenti, malata ndi zitsulo umene umakwera ntchito ili mkati. Ndalama zikathera pa lintala, mumakhala mukulipira banki ndi landilodi nthawi imodzi, nyumba ikunyowa ndi mvula. Pa chiwerengero cha zipangizo chimene mmisiri wakupatsani muzisiyapo malo a kukwera kwa mitengo, ndipo ndi bwino kuchepetsa kukula kwa nyumba kusiyana ndi kuchepetsa malo amenewo.

Chikole cha munthu wina, monga nyumba ya makolo ku Area 18 kapena ku Biwi, mabanki amachilandira, koma ichi tisachikometse. Mwini nyumbayo amasaina kuti inu mukalephera, yake igulitsidwe. Iye sapindulapo kanthu, koma akhoza kutaya zonse, ndipo ngati nyumbayo ndi imene abale ena akuyembekezera, mkangano wake sutha. Ngati palibiretu njira ina, loya alembe malire a ndalama imene chikolecho chikuimira, monga K12 miliyoni yokha ya dipoziti, ndiponso kuti chidzamasulidwa ngongole ikatsika kufika pa mlingo wakutiwakuti.

Ena amakongola dipoziti ku SACCO, kumene membala amapatsidwa ngongole molingana ndi masheya ake, kapena amadikira ndalama ya chipereganyu ndi ya banki mkhonde. Ya chipereganyu ndi yanu ndithu, palibe vuto. Koma dipoziti yokongola ndi ngongole yachiwiri, ya nthawi yaifupi, imene ya pamwezi yake imagwera m'zaka zomwe zija zovuta. Banki ikaiona pa peyisilipi imachepetsa imene ikupatseni. Za katapila nkosayenera n'kutchula komwe.

Kulipira wogulitsa pang'onopang'ono

Iyi ndi njira imene anthu ambiri mu Lilongwe amagwiritsa ntchito mwakachetechete. Landilodi akufuna kugulitsa, tenanti wake wakhalamo zaka, akudziwana. Amagwirizana kuti tenantiyo azipereka ndalama yoposa lendi mpaka mtengo utakwana. Palibe banki, palibe chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Koma taitolo imakhalabe m'dzina la wogulitsa mpaka kumapeto, ndiye wogula amakhala akulipira chinthu chimene mwalamulo si chake.

Zinthu zimene zimalakwika n'zodziwika. Wogulitsa akhoza kukakongola ku banki ndi taitolo yomweyo. Akhoza kugulitsa kwa wina wobwera ndi ndalama zonse pakamodzi. Akhoza kumwalira, ana ake n'kunena kuti zonse zimene munkapereka zinali lendi. Kapena kwacha ikagwa amabwera n'kunena kuti mtengo uja sukugwiranso.

Chitetezo chake ndi mgwirizano wolembedwa ndi loya, osati kapepala kosainirana pakhonde. Muzikhala mtengo wonse mu kwacha. Ndalama ya mwezi uliwonse ndi tsiku lake. Gawo limene ndi lendi ndi gawo limene likupita ku mtengo wa nyumba. Chimene chichitike mukaphonya mwezi umodzi kapena itatu. Ndalama zimene mubwezeredwe mgwirizano ukatha panjira. Amene azilipira city rates (msonkho wa khonsolo ya mzinda), ground rent (ndalama ya pachaka yolipira mwini malo) ndi kukonza zowonongeka. Ndiponso kuti mgwirizanowo ukumanga ngakhale olowa m'malo mwa wogulitsa. Wogulitsa akakakamira kuti mtengo uzitsatira dola, kumbukirani November 2023, pamene dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 tsiku limodzi. Ngati akuopa kugwa kwa ndalama, n'kwabwino kugwirizana kuti yotsala izikwera ndi peresenti yodziwika pachaka kusiyana ndi kuimangirira ku ndalama yakunja.

Mukasainirana, loya wanu akalembetse caution pa taitoloyo ku ofesi yolembetsa malo. Ichi ndi chiletso chimene chimaoneka kwa aliyense wofufuza, ndipo chimatchinga kusintha umwini kapena kuika chikole inu musanadziwitsidwe. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi chimene chikutetezedwa, koma ambiri sachita chifukwa choopa kuoneka ngati sakumukhulupirira wogulitsa. Chikalata cha taitolo chisungidwe ndi loya amene nonse mwagwirizana. Ndalama zonse zizidutsa ku banki, ndi mawu osonyeza kuti ndi zogulira nyumba ya pa puloti nambala yakuti.

Mapepala

Kaya mwadzera njira iti, musanapereke tambala yambani mwadziwa kuti malowo ali m'manja mwa yani. Chichokereni pamene bungwe la Capital City Development Corporation, limene linamanga likululi, linathetsedwa mu 1984, malo a mumzinda ali pansi pa eni osiyanasiyana. Ena ndi a Unduna wa za Malo, ndipo amaperekedwa pa lizi, kutanthauza kubwerekedwa malo kwa zaka zoikika, nthawi zambiri ya zaka 99 pa malo okhala. Ena ndi a Malawi Housing Corporation. Ena, makamaka m'madera amene anthu anapatsidwa mapuloti kuti azimanga okha, ali pansi pa khonsolo ya mzinda. Kusintha umwini kumayambira ku ofesi ya mwini malo weniweniyo, ndipo nyumba zambiri m'madera amenewa zili ndi kalata yopatsidwira puloti chabe, osati taitolo. Banki silandira kalata yotere ngati chikole.

Pa nyumba ya taitolo, choyamba ndi kufufuza ku ofesi yolembetsa malo. Zotsatira zake zimasonyeza dzina la mwini, zaka zotsala pa lizi, ndi chikole kapena chiletso chilichonse. Dzina limenelo lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha amene akugulitsa. Ngati mwini anamwalira, wogulitsa asonyeze zikalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, monga likunenera lamulo la 2011 la chuma cha masiye. Mawu akuti "banja lonse lagwirizana" si chikalata. Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake asainenso, chifukwa malonda ambiri amaimitsidwa ku khoti ndi amene sanafunsidwe. Kenako pamafunika chilolezo cha Unduna chosinthira umwini wa lizi, chikalata cha khonsolo chosonyeza kuti palibe ngongole ya city rates, ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Pomaliza mumalipira stamp duty, msonkho wa boma pa zikalata zosinthira umwini, n'kulembetsa dzina lanu.

Zonsezi zimafuna ndalama zapamanja, ndipo ngongole ya banki kawirikawiri siziphimba. Pali ya katswiri woyeza mtengo, ya loya wanu ndi ya loya wa banki, ya stamp duty, yolembetsera chikole, ya banki yokonzera ngongole, inshuwalansi ya moto, ndi inshuwalansi ya moyo imene imabweza ngongole wokongola akamwalira. Kupanda dipoziti sikutanthauza kupita chimanjamanja. Pemphani banki ndi loya akulembereni ndalama zonsezi musanasaine kalata yovomera ngongole. Ngongole zakale za ground rent, madzi ndi city rates ndi za wogulitsa. Zichotsedwe pa mtengo, chifukwa mukalowa m'nyumbamo zimasanduka zanu.

Njira ya ambiri: puloti kaye

Kunena zoona, mabanja ambiri a mu Lilongwe amene ali m'nyumba zawo sanadzere ku banki. Anagula puloti, n'kumanga pang'onopang'ono. Ngakhale osauka kwambiri anachitapo zimenezi mwadongosolo: magulu osunga ndalama ogwira ntchito ndi CCODE, bungwe lothandiza anthu osauka pa nkhani za nyumba, anamanga nyumba ku Area 49 ndi ngongole zing'onozing'ono za thumba lawo la Mchenga. Masiku ano makampani ambiri akugulitsa mapuloti olipira pang'onopang'ono m'mphepete mwa mzinda, cha ku Chitedze, Njewa, Mpingu, Nanjiri ndi njira ya ku Lumbadzi. Ndalama yoyambira imakhala yochepa, ndipo njira imeneyi imagwirizana ndi munthu wa bizinesi amene ndalama zake sizibwera mofanana mwezi ndi mwezi.

Mafunso ofunsa kampani yotere ndi awa. Kodi malo onsewo ali ndi taitolo m'dzina la kampaniyo, ndipo mungaione n'kukaifufuza nokha? Kodi pulani yogawa mapuloti inavomerezedwa ndi a mapulani a mizinda? Kodi mabikoni osonyeza malire a puloti anaikidwa ndi saveya wovomerezeka, ndipo nambala ya puloti yanu yalembedwa mu mgwirizano? Kodi taitolo yanu idzatuluka liti, ndipo adzalipira ndani? Kampani imene ikungosonyeza kalata ya amfumu ikukugulitsani malo a makolo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ali ndi njira yake yolembetsera malo otere, ndipo kalata ya amfumu payokha si umwini umene banki ingaulandire. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu zimachitika kwambiri pa malo amenewa, ndiye amene walipira aikepo chizindikiro msanga, ngakhale maziko okha.

Pitani mukaone malowo nthawi ya mvula, osati mu September pamene paliponse pali pouma. Dambo limadya ndalama za maziko, ndipo anthu a ku Mtandire ndi madera ena a m'mbali mwa Lingadzi anaona mu 2017 zimene mtsinje umachita ukasefukira. Malo a m'mbali mwa msewu osiyidwira chitukuko ndi a pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM amatchipa pa chifukwa: nyumba yomangidwa pamenepo ikhoza kugwetsedwa popanda chipepeso.

Pomanga, dongosolo limene limapulumutsa ndalama ndi kuyamba ndi kanyumba ka kuseri ka zipinda ziwiri, chimbudzi ndi madzi, n'kusamukiramo. Lendi imene munkapatsa landilodi imasanduka simenti ya nyumba yaikulu, ndipo kukhala pamalopo kumachepetsa kubedwa kwa zipangizo. Pulani ya nyumba yaikulu ijambulidwe ndi kuvomerezedwa poyambirira pomwe, kuti kanyumbako kasadzakhale pamalo olakwika. Simenti musagule yambiri yosunga, imauma ikakhalitsa. Ndalama ikapezeka gulani zosawonongeka monga malata, zitsulo ndi mafelemu. Gawo lililonse lithere pamalo otetezeka ku mvula: maziko atsekedwe ndi silabu, ndipo makoma akafika pa lintala denga lisachedwe kupitirira dzinja limodzi. Nyumba ikafika pofoleredwa, ili pa malo a taitolo, banki imayamba kuiona ngati chikole, ndipo ngongole yomalizitsira pulasitala, mawaya a magetsi ndi mapaipi imakhala yaing'ono, yotheka kubweza m'zaka zitatu kapena zisanu.